Zitenje Zimene Sindinaziwerenge

"Make Zainabu, inu mumayenda madoko onsewa. Mukuona ngati awina ndani?"

Anandifunsa choncho ndi Abiti Daudi, aneba anga a mpanda umodzi, tili pa thandala kutembenuza usipa. Amayi anzanga, tsiku limenelo ndikanangoti "kaya", bwenzi lero ndisakuima pamaso panu pano. Koma ndinayankha.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Mariamu, Abiti Yusufu. Ndimakhala pa doko lina kufupi ndi Nkhudzi. Ndili ndi ana awiri, Zainabu wa zaka zisanu ndi mlongo wake Idrisa, amene nthawi imeneyo anali wa kumsana. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ntchito yanga inali yogula usipa kwa asodzi, kuyanika pa mathandala anga awiri, n'kukagulitsa ku Mangochi boma. Akuluakulu a gulu lino andipempha kuti ndinene zanga zonse osabisa, chifukwa zisankho sizitha, ndipo ena mwa inu ndakumvani kale mukuyankhula ngati mmene ndinkayankhulira ine.

Chisankho chimene ankanena Abiti Daudi chinali chaching'ono, cha khansala, wakale uja atamwalira. Ine ndili ndi chizolowezi chowerenga zinthu. Ndikakwera kabaza ndimawerenga mbuzi za m'mbali mwa msewu, ndikakhala pa mzere wa ku sikelo ndimawerenga ana. Masiku amenewo ndinkawerenga zitenje. Mukudziwa kuti nthawi ya kampeni zipani zimagawa zitenje. Ndiye m'mawa uliwonse ndikafika pa doko ndinkayang'ana amayi amene akugula nsomba, amene akuchapa, amene akupala mamba, n'kumaponya timiyala m'majumbo awiri, chipani ichi jumbo iyi, icho iyo. Sabata itatha jumbo imodzi inalemera. Ndinawauza Abiti Daudi kuti awina wakuti. Anawinadi.

Kuyambira pamenepo dzina langa linasintha. Anyamata a pa doko anayamba kunditchula Abiti Zotsatira. Ndinkachita ngati zikundinyansa, koma mumtima zinkandikoma. Munthu amene unalephera mayeso a masamu kawiri, lero abambo a ndevu zoyera akukuimitsa pa njira kuti akufunse za dziko. Musandiweruze msanga, inunso zikanakukomerani.

Kenako chinafika chisankho chachikulu. Zipani sindizitchula, anthu akenso sindiwatchula. Kwathu amene ankalimbirana mpando wa phungu anali awiri, ndipo tinkawatchula potengera nkhope zawo za pa chitenje: Andevu ndi Amagalasi. Ndinatulutsa majumbo anga. Ndinawerenga zitenje m'madoko anayi kwa mwezi wathunthu, ndipo kulikonse Andevu anali mbwee. Pa thandala Andevu, pochapa Andevu, mwana kumsana wamangidwa ndi Andevu. Jumbo yawo inachita kung'ambika. Ya Amagalasi ndinkainyamula ndi chala chimodzi.

Tsiku lina kunabwera njinga yamoto pakhomo. Anali a Tcheya, mkulu wa achinyamata a chipani cha Andevu m'dera lathu. Anatsitsa mapaketi awiri a shuga ndi sopo, natulutsa foni.

"Abiti Zotsatira, tamva kuti muli ndi nkhani yabwino. Tangonenani apa, anthu amve."

"Ine ndimangowerenga zitenje, a Tcheya."

"Zitenjezo musazitchule. Anthu akamva za zitenje aseka. Mungoti mwalota."

Ndinayang'ana shuga uja, ndinayang'ana foni. Ndinanena kuti ndalota katatu Andevu atakwera pa nsanja atavala zoyera, anthu onse a m'nyanja akuwagwadira. Sindinalote kanthu. Bambo a Zainabu, amuna anga Che Rajabu, atamva mawuwo pa foni ya mnzawo anabwera akuseka.

"Iwe umalota nthawi yanji, poti ukangogona ndi mkonono mpaka swala ya Subuhi, m'bandakucha?"

Tinaseka tonse. Kunali kuseka kwathu komaliza m'nyumba ija.

Mawu aja anayenda ngati moto wa lupsa. Masiku atatu okha anali atafika ku Monkey Bay, ku Makanjira, mpaka kwa abale athu a ku Joni. Ena ankati ndili ndi majini, ena ankati agogo anga anali msing'anga. Sindinatsutse. Anthu anayamba kubwera pakhomo, wina ndi nkhuku, wina ndi mayunitsi. Ankandifunsa za pulezidenti, ndinkayankha. Ankandifunsa za dera la ku Lilongwe kumene sindinapondeko chibadwire, ndinkatsinzina pang'ono n'kuyankha. Pa msonkhano wa Andevu anandikhazika pa mpando wa kutsogolo, n'kundipatsa chimkuzamawu. Usipa ndinasiya kugula. Mathandala anga anayamba kukhala malo oyanikirapo zovala za anthu ena.

Mantha anayamba ku msika wa ku boma. Ndinapita kukagula mankhwala a Idrisa, ndipo bambo wina amene sindimudziwa anandigwira pa mkono, osati mwamphamvu, ngati munthu wopereka moni.

"Mukalotenso bwino, mayi," anatero motsitsa mawu. "Nyumba yanu ya udzu ija, ya pafupi ndi mlambe, tikuidziwa."

Anandisiya n'kulowa m'gulu la anthu. Ndinakhala pansi pakati pa ogulitsa tomato mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndili ndi pakati.

Mawa lake ndinapita kwa a Tcheya kukanena kuti ndasiya, ndipo ndikufuna kuuza anthu kuti za maloto zija zinali zocheza. Anandimvetsera akusenda chinangwa chowotcha.

"Mlongo wanga, anyamata anga amakukondani kwambiri. Koma mukabweza mawu pano, aganiza kuti Amagalasi akugulani. Zikatero ine sindingawagwire."

Ndinabwerera kunyumba. Ndikapitiriza, awa awotcha nyumba. Ndikasiya, awo awotcha nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzaza ndowa zinayi za madzi n'kuziika m'ngodya zinayi za nyumba. Zainabu ndinamuletsa kupita ku madrasa. Munthu akangoyatsa fodya pafupi ndi mpanda, ndinkathamangira ku ndowa zija. Chonditonthoza chinali chimodzi: jumbo ya Andevu. Ndinkaitulutsa, n'kuikweza m'manja, n'kudziuza kuti miyala siinama. Akangowina, zonse zitha.

Tsopano mumve pamene ndinagwera penipeni.

Amuna anga anali mlovi, mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri okoka ukonde wa chilimira pa boti la Che Amidu. Che Amidu ndi bambo wamkulu, wofatsa, amene anatithandiza ndi nsomba pa ukwati wathu. Lachisanu lina atachoka ku mzikiti anabwera pakhomo, nakhala pa mkeka, nauza amuna anga kuti akhale pomwepo. Anati iwo ndi Che Bakali, mwini boti lina wa mbali ya Amagalasi, anakangana pa bawo mpaka anabetcherana. Injini kwa injini. Andevu akawina, Che Amidu atenga injini ya Che Bakali. Akaluza, apereka yawo. Mboni zinalipo zinayi, ndipo anagwirizana kuti shehe asamve.

"Tinapangana kuti wofuna kubwerera m'mbuyo abwerere lisanafike Lolemba, apereke mbuzi imodzi basi," anatero. "Ndiye mwana wanga, undiuze zoona, ine ndine bambo ako. Malotowa ndi enieni?"

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo ankayang'ana pansi, akukolopola mkeka ndi chikhadabo. Ankadziwa zonse, koma ankadikira ine. Ndinaganiza za anyamata a a Tcheya. Ndinaganizanso za mpando wa kutsogolo uja, sindibisa. Ndipo ndinaganiza za jumbo yolemera.

"Ndi enieni, Che Amidu."

Anapumira m'mwamba, nati alhamdulillah, nandisiyira chambo chimodzi chachikulu. Tinachidya osayankhulana.

Tsiku lovota palibe amaloledwa kuvala za chipani, ndiye ndinalibe chowerenga. Ndinaima pa mzere ndi Idrisa kumsana. Amayi ankandipatsa moni waulemu kwambiri, wopitirira muyezo, kenako n'kuyang'ana kumbali. Ndinaona kuti china chake sichili bwino, koma sindinadziwe kuti n'chiyani.

Zotsatira za phungu zitamveka, kunali m'mawa, dzuwa litangokwera. Ndinali kutsuka mbale. Ndinamva nthungululu kuchokera ku mjigo, kenako kumsika, kenako paliponse. Ndinasuzumira pa mpanda. Amayi ankatuluka m'nyumba zawo akuvina, ndipo aliyense anali atavala Amagalasi. Zitenje zatsopano, zowala, mizere yopindira ikuoneka bwinobwino, zina zikununkha mankhwala a njenjete. Amayi omwe aja amene ndinawaponyera timiyala m'jumbo ya Andevu. Chitseko cha aneba anga chinatseguka, Abiti Daudi n'kutuluka akumanga chawo m'chiuno.

"Inunso?" ndinatero.

Anaima. Sanaseke.

"Make Zainabu, chitenje cha munthu amene ukumufuna ungapite nacho ku usipa? Chimenecho umachipinda, n'kuika m'sutikesi, kudikira tsiku lake. Za Andevu anatipatsa ziwiriziwiri. N'zimene timapalira mamba, kukhalira pa mchenga, kuyalira mwana akakodza."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munati mwalota. Ife tikanatsutsa maloto?"

Amayi anzanga, ineyo amene ndikuyankhula pano, chitenje changa cha pa ukwati chili m'sutikesi chaka chachisanu ndi chiwiri, sindinapitepo nacho ku doko ngakhale kamodzi. Chinthu chimene mkazi aliyense wa m'nyanja amachidziwa, inenso ndinkachidziwa. Cha khansala chija ndinangochita mwayi. Mwezi wonse ndinkawerenga nsanza.

Masana a tsiku lomwelo anamasula injini ya Che Amidu. Amuna anayi anaipachika pa mtengo n'kuinyamula pa mapewa ngati maliro, doko lonse likuonerera. Che Amidu anaima patali atagwira chipewa m'manja. Injini itangokhota pa ngodya ya msika, anthu anatembenukira kwathu.

Anabwera a mitundu itatu nthawi imodzi. A Amagalasi ankaimba nyimbo yonditukwana. A Andevu ankakuwa kuti ndinawagoneka tulo, anthu awo sanapite kukavota poganiza kuti awina kale. Ndipo panali alovi anzawo a amuna anga, amenewo sankaimba kapena kukuwa. Foni ya a Tcheya inali yozima. Ndinamva mathandala anga akuthyoledwa, nsungwi zikulira. Mwala unaboola zenera n'kugwera mu ndowa imodzi ya madzi ija. Kenako ndinaona pa mng'alu wa chitseko mnyamata wina akusolola udzu wa pa denga, kwinaku akugwedeza bokosi la machesi pafupi ndi khutu lake, ngati akumvetsera nyimbo. Zainabu anali atandikumbatira mwendo. Mkodzo wake unanditsikira ku phazi.

Amuna anga anatuluka n'kuima pakhomo. Wina anawamenya ndi nkhafi pa phewa. Anatembenuka n'kundiuza, osakweza mawu, "Tenga ana, tulukira kuseri."

Ndinadutsa m'munda wa chinangwa, Idrisa kumsana, Zainabu ndikumukoka, opanda nsapato tonse. Pa tala ndinaimitsa njinga yamoto, nditadziphimba mpango mpaka m'maso. Nyumba sanaiwotche. Ndinamva pambuyo pake kuti Abiti Daudi ndi amayi ena anaima mozungulira, atavala Amagalasi awo omwewo, n'kunena kuti moto ukayaka apa ufika kwawonso.

Ndinathawira ku Malindi kwa azakhali anga. Ndinakhala masabata atatu osatuluka m'nyumba. Nkhope yanga anthu a kumeneko sankaidziwa, koma mawu anga ankawadziwa, ndiye ndinasiya kuyankhula. Ndinkanong'ona basi. Njinga yamoto ikamveka, ndinkalowa kuseri kwa chitseko. Ndipo nali limene limandipweteka mpaka lero: Idrisa anatentha thupi, ine n'kukhala naye masiku awiri osapita ku chipatala, chifukwa ndinkaopa kuti pa windo andifunsa dzina la mwana ndipo anthu a pa mzere amva mawu anga. Tsiku lachitatu azakhali anandilanda mwanayo n'kuthamanga naye okha. Anali malungo, ndipo anamugoneka. Azakhali atabwerako ku chipatala anandifunsa:

"Mariamu, ukuopa kusekedwa kuposa kuika mwana m'manda?"

Koma ine ndinangoganiza zothawira kutali. Amuna anga anali ataimba foni kamodzi kokha, kunena kuti apeza malo pa boti lina kumtunda kwa Makanjira, ndipo ndisawatsatire. Ndinakumbuka kuti mayi anga anali ndi msuweni wawo ku Mandimba, tsidya la Mozambique. Ndinati kumeneko palibe akundidziwa. Idrisa atapeza bwino ndinamanga kamtolo, n'kukwera galimoto ya ku Chiponde, ku malire.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Amene munafikako mukudziwa mmene pamakhalira: njinga zonyamula matumba, anyamata osintha ndalama akukuitana mbali zonse, fumbi. Ndinakhala pa mthunzi wa khonde la sitolo ina kudikira kuti mtengo wa njinga utsike. Pamenepo panali amayi anayi a geni, ndipo wamkulu wawo, mayi wonenepa wa madengu a tomato, anapatsa Zainabu nthochi. Ndinathokoza ndi mutu.

Kenako mmodzi anati, "Tayikaniko ija ya wolota ija."

Mayi wa tomato anatulutsa foni. Ndinamva ng'oma za makina, kenako mawu. "Ndalota katatu, ndalota katatu, Andevu atavala zoyera." Wina anali atawadula mawu anga n'kuwasandutsa nyimbo. Amayi aja anayamba kugwedeza mapewa, akuseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinaweramitsa mutu, ndikuwerenga nyerere zimene zinkakoka khoko la nthochi. Ndinkapempha Mulungu kuti nyimboyo ithe. Inali yaitali.

Zainabu anasiya kutafuna. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Amama, amenewo ndi mawu anu."

Mayi uja anazimitsa foni. Ndinagwira Zainabu pa mkono mwamphamvu mpaka analira. Ndinkadikira kuti akuwe, aitane anthu.

"Musiyeni mwanayo, sanalakwe," anatero mayi wa tomato. Anauza anzake kuti akaone ngati galimoto yafika, ndipo anapita, akucheuka. Iye anasendera pafupi.

"Mukupita kuti ndi kamtoloka?"

"Ku Mandimba." Aka kanali koyamba kutulutsa mawu enieni m'masabata atatu.

"Nyimboyi ndinaitenga ku Mandimba komweko. Amaiika m'mabala ndi m'magalimoto." Anandiyang'ana kumapazi, ku nsapato za azakhali zimene zinali zazikulu. "Munapha munthu?"

"Ayi."

"Munaba?"

"Ayi."

"Ndiye mukuthawa chiyani? Kusekedwa? Ine amuna anga anandisiya n'kukwatira mng'ono wanga weniweni, msika wonse uno unandiseka chaka chathunthu. Ndilipo, ndikugulitsa tomato."

Ndinamuuza zonse. Za majumbo, za shuga, za machesi. Pa za zitenje anaseka pang'ono, nati iyenso cha amene anamuvotera sanachivalebe, akudikira ukwati wa mwana wake. Koma nditafika pa Che Amidu ndi mkeka uja, mawu anandithera. Ndinayesa kawiri. Iye anangodikira, akuthamangitsa ntchentche pa dengu.

"Anandifunsa ngati bambo anga," ndinatero pomaliza. "Kunali kotheka kupereka mbuzi imodzi basi."

"Eya. Ndiye si a Tcheya amene mukuwathawa. Si anyamata a machesi. Ndi bambo ameneyo."

Ndinalira pamenepo, pa khonde la sitolo ya eni ake, Idrisa akuyamwa. Zinali zoona. Masabata onse aja ndinkati ndikuopa moto, koma nkhope imene inkandibwerera ndikatseka maso inali ya Che Amidu atagwira chipewa m'manja.

"Ku Mandimba kulibe Che Amidu woti mukamupepese," anatero mayi uja. "Mukakhala kumeneko mukunong'ona mpaka ana awa adzakule akuganiza kuti mayi awo ndi osayankhula. Galimoto yobwerera ku boma ndi iyo ikudzaza."

Dzina lake sindinamufunse. Anandiikira tomato anayi m'kamtolo.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo ndinena mmene ndinachitira, mwina wina zimuthandiza. Sindinapite ndekha. Ndinayamba kwa amjomba anga, alongo awo a mayi anga, Che Twaibu, n'kuwauza zonse, ndipo iwo anatumiza mawu kwa Che Amidu kuti tikubwera tsiku lakuti. Ana ndinawasiya ku Malindi. Amjomba anati tidzere njira ya kuseri, ine ndinati ayi, tidzere pa doko, masana, anthu andione kamodzi n'kuthana nazo. Anandionadi. Ana a pa doko ankanditsatira akuimba "ndalota katatu". Koma ndinayendabe.

Che Amidu tinawapeza akusoka ukonde. Boti lawo linali pa mtunda, nkhuku zitagona pansi pake. Ndinagwada patali. Ndinanena kuti sindinalote chilichonse, ndinkawerenga zitenje, ndipo tsiku limene anandifunsa ndinawanamiza ndikudziwa. Anapitiriza kusoka mpaka anamaliza bowo lonse.

"Zitenje," anatero. "Ukanandiuza tsiku lija ndikanaseka, n'kukapereka mbuzi. Ngakhale mkazi wanga yemwe, chake cha Amagalasi chinali m'sutikesi, pansi pa bedi limene ndimagonapo." Anadula ulusi ndi mano. "Juga ndinachita ndine, sunanditume. Zimenezo ndalapa kwa Mulungu, ndipo shehe wandiuza zokwanira. Koma iwe ndinakufunsa ngati mwana wanga. Pita ukakhale m'nyumba mwako, palibe akukhudze, ndanena ine. Pakhomo panga pokha usapondepo kaye."

Mpaka lero sindinapondepo. Tikakumana pa njira amayankha salamu, basi.

Alovi ndinawayendera mmodzimmodzi, m'nyumba zawo, akazi awo ali pomwepo. Awiri anandikhululukira. Mmodzi analavula pansi n'kulowa m'nyumba. Ena anangoti tamva. Ndinapitanso kwa Che Bakali ndi amjomba kukapempha ngati angabweze injini kuti Che Amidu aziwapatsa nsomba pang'onopang'ono. Anati tachedwa, anaigulitsa kale kwa munthu wa ku Salima. Kenako ndinabwereka foni n'kujambula mawu ena, kunena dzina langa ndi bodza langa lonse. Musaganize kuti amenewo anayenda. Mwina anawamva anthu makumi awiri. Koma tsopano munthu akandiimbira nyimbo ija, ndimamuuza kuti ilipo inzake, ndimutumizire.

Ana ndinakawatenga patatha sabata. Zainabu anabwerera ku madrasa. Ine ndimagwira ganyu pa mathandala a anthu ena, kutembenuza ndi kuwola usipa, ndipo ndayamba kusunga nsungwi zoti ndidzamangire langa limodzi. Ndowa zija ndinazichotsa m'ngodya patapita miyezi iwiri. Njinga yamoto ikaima pakhomo mtima umadumphabe.

Ndiye amayi anzanga, inu amene mumayenda m'misika ndipo anthu amati mumadziwa zinthu, mundimvere. Munthu akakufunsani amene awine, mawu akuti "sindikudziwa" ndi aulere, ndipo sawotchetsa nyumba. Ngati mwaonadi kanthu, nenani chimene mwaona ndi mmene mwachionera, kuti wanzeru akutsutseni nthawi ikadalipo. Wina akabwera ndi shuga ndi foni, shugayo m'bwezereni ali pa njinga pomwepo. Ndipo munthu akakhala pa mkeka wanu n'kukufunsani zoona chifukwa akufuna kuikapo chinthu chimene chimadyetsa ana a anthu, muuzeni zoona ngakhale mukunjenjemera. Ine ndinanjenjemera n'kunama, ndipo kunjenjemerako sikunathe, kunangowonjezeka.

Zimene zinatayika ndi izi. Injini imodzi. Ntchito za amuna asanu ndi awiri, atatu mwa iwo sanapezebe boti lina. Mathandala awiri ndi zenera limodzi. Miyezi itatu ya madrasa ya Zainabu. Khomo la Che Amidu. Ndi bambo a ana anga, amene amatumiza usipa mwezi ndi mwezi kuchokera ku Makanjira, koma iwo sanabwere.